Za M'mphika Amadziwa ndi Wophika



Munthu aliyense amene akudya chakudya chophika mnzake amadya mongokhulupirira. Sanaone pamene ndiwo zinkatsukidwa, sanaone mafuta amene anathiridwa, ndipo sadziwa ngati mphika unakwechedwa bwino itatha nyama ya dzulo. Amangosamba m'manja, n'kupemphera, n'kuyamba kudya. Ife amayi timazidziwa bwino zimenezi chifukwa ndife amene timakhala kuseri, ku utsi, pa ukwati, pa maliro, ndi pa tsiku lolandira Ambuye Bishopu. Wophika ali ndi mphamvu yaikulu pa wakudya, koma kawirikawiri sitiiganizira mphamvu imeneyi.

Funso limene ndikufuna kuti tilingalire pamodzi ndi ili. Mlendo wakuuzani kuti chipembedzo chake sichimulola kudya chinthu chakutichakuti. Inu mukuona kuti chinthucho chilibe vuto, sichingamudwalitse, ndipo mutachithira m'ndiwo sangazindikire. Mwamudyetsa mobisa, iye wadya, wakhuta, wathokoza, wapita kwawo, ndipo sadzadziwa mpaka tsiku la imfa yake. Kodi mwamulakwira? Ngati mwamulakwira, mwamulanda chiyani?

Ndasankha kulingalira funsoli kudzera mwa anthu akutali, a chipembedzo cha Jain. Ndachita dala. Tikamakamba za nkhumba ndi anansi athu Asilamu, chizolowezi chimatithandiza ndipo sitivutika kuganiza. Koma tikamva za munthu amene amakana anyezi chifukwa cha chipembedzo, phwete limabwera lokha, ndipo pamenepo m'pamene mtima wathu weniweni umaonekera.

AJAINI NDI NDANI?

Chipembedzo cha Jain ndi chimodzi mwa zipembedzo zakale kwambiri za ku India. Mphunzitsi wawo wotchuka ndi Mahavira, amene anakhala zaka pafupifupi 500 Ambuye Yesu asanabadwe, m'nyengo imodzi ndi Buddha. Iwo amamuwerenga kuti ndi wa nambala 24, komanso womaliza, mwa aphunzitsi awo aakulu. Kalembera wa ku India wa 2011 anapeza Ajaini pafupifupi 4.5 miliyoni, ochepa ndithu m'dziko la anthu oposa 1 biliyoni. Ambiri amakhala ku Maharashtra, Rajasthan ndi Gujarat. Ena anabwera ku Africa kuno pa nkhani za malonda, makamaka ku Kenya kumene ali ndi akachisi ku Nairobi ndi ku Mombasa, ndipo ena ali ku Britain ndi ku America.

Phata la chiphunzitso chawo ndi liwu lakuti ahimsa, kutanthauza kusapweteka chamoyo chilichonse. Amaphunzitsa kuti moyo uli mwa munthu, mwa nyama, mwa tizilombo, mwa zomera, ngakhalenso m'madzi ndi m'dothi. Zamoyozi amazisiyanitsa poona mmene chilichonse chimamvera: chomera chimangomva kukhudzidwa basi, pamene munthu ndi ng'ombe amaona, amamva, amanunkhiza, amalawa ndiponso amamva kukhudzidwa. Amavomereza kuti munthu sangakhale ndi moyo osawononga kanthu. Choncho amayesetsa kuwononga zochepa kwambiri, ndiponso zokhazo zimene zimamva pang'ono.

N'chifukwa chake sadya nyama, nsomba kapena mazira. Sadya uchi popeza pofula njuchi zimafa pamodzi ndi ana ake. Samwa mowa. Amene amasunga mwambo mosamala sadyanso zokumba pansi monga anyezi, adyo, mbatata, mbatatesi, karoti ndi chinangwa. Amati pothyola tomato mtengo wake umatsala wamoyo, koma pozula anyezi umapha chomera chonse pamodzi ndi tizilombo ta m'dothi. Ndipo amakhulupirira kuti m'mbatata imodzi muli miyoyo yosawerengeka. Bowa sadya. Ambiri sadya dzuwa litalowa, poopa kuti tizilombo touluka totsata kuwala tingagwere m'chakudya. Madzi amayamba asefa. Chakudya chawo ndi mpunga, buledi wa tirigu, nyemba, mphodza, nandolo, masamba, zipatso ndi mkaka. M'malo mwa mbatatesi amaphika nthochi zosapsa.

Taganizani, amayi a ku Likoma ndi ku Nkhotakota: kondowole wanu uja mlendo wotere sangamudye. Ndipo ndiwo iliyonse imene timayamba ndi kukazinga anyezi yamudutsa.

Chaka ndi chaka, cha mu Ogasiti kapena Sepitembala, amakhala ndi nyengo ya Paryushan, masiku 8 a kusala ndi kulapa, ena amasunga masiku 10, ndipo pomaliza amapemphana chikhululukiro. M'masiku amenewa ambiri amasiyanso ndiwo zamasamba. Si onse amene amasunga malamulowa mofanana. Banja lina limadya mbatatesi masiku wamba n'kuisiya pa Paryushan, lina siliilawa chaka chonse, monga momwe ifenso timasiyanirana pa kasungidwe ka Lenti. N'chifukwa chake wophika wanzeru sangoganizira, amafunsa.

PA MALO ODYERA A KU LEICESTER

Mzinda wa Leicester ku England uli ndi anthu ambiri amene makolo awo anachokera ku Gujarat. Ena anadzera ku Africa kuno: ambiri anathamangitsidwa ku Uganda ndi Idi Amin mu 1972, ndipo ena anachoka ku Malawi konkuno m'zaka zomwezo za m'ma 1970. Ajaini a mumzindawu ali ndi kachisi wawo pa Oxford Street, m'nyumba imene kale inali tchalitchi, ndipo anaipatula mu 1988. Pa msewu wa Belgrave Road pali masitolo a nsalu, a golide, ndi malo odyera ambiri osaphika nyama ndi pang'ono pomwe.

Nditapita kukacheza kwa mwana wanga amene amagwira ntchito ya unamwino kumeneko, mnzake wa kuntchito, mayi wachijaini, anatitengera ku malo amodzi otere. Tinapita dzuwa likadalipo kuti iye adye nthawi yake isanathe. Mtsikana woperekera zakudya asanalembe kalikonse anayamba wafunsa ngati pa tebulo pathu panali wina wosadya anyezi ndi adyo. Mayiyo atasankha chakudya, mtsikanayo ananena kuti sakudziwa bwino mmene chimaphikidwira, ndipo anapita kukafunsa kukhitchini. Anabwerako ndi yankho losakoma: msuzi wa chakudyacho unaphikidwa kale m'mawa mumphika waukulu, ndipo munali anyezi. Wophika akanatha kukonza china mumphika woyera, koma tinayenera kudikira mphindi 20. Anamuchenjezanso kuti samusa wa tsikulo anali wa mbatatesi. Chakudyacho chitapsa anabwera nacho pachokha, ndi supuni yakeyake, kuti isasakanizike ndi zathu. Zonsezi zinkachitika anthu atadzaza, ena ataima pakhomo kudikira malo.

Tikudya, mayiyo anatifotokozera zimene amakumana nazo kumalo ena, osaphika nyama omwewo. Woperekera zakudya amavomera chilichonse akumwetulira, amati palibe vuto, ndipo mbale imafika pasanathe mphindi 5. Koma pansi pa msuzi mumapezeka kachidutswa ka anyezi kotsalira pamene ankatola anzake ndi supuni. Ananena kuti chimene chimamupweteka kwambiri si anyeziyo, koma kuti munthu anamuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti mulibe.

Kawirikawiri timayesa ubwino wa malo odyera ndi zinthu zinayi: changu, nsangala, ukhondo ndi mtengo. Pa changu ndi pa nsangala, woperekera wachiwiri uja wapambana. Woyamba anachedwetsa mlendo, anavomereza kuti sadziwa, ndipo anabwera ndi mawu akuti ayi. Komabe aliyense wa ife akuona amene anatumikira bwino. Zikusonyeza kuti pali muyeso wachisanu umene umaposa inayi ija, ndiwo wakuti: kodi zimene wanena za m'mphika n'zoona?

ZIFUKWA ZITATU ZODZIKHULULUKIRA

Amene amadyetsa mnzake mobisa amadzitonthoza ndi zifukwa zitatu. Tiyeni tiziyese chimodzichimodzi.

Choyamba amati: sadwala nazo. Pa zaka zimene ndinagwira ntchito m'chipatala ndinaona kuti mawu amenewa ndi oopsa ngakhale pa nkhani ya thupi lenilenilo, chifukwa wophika sadziwa thupi la wakudya. Mu 2016 mtsikana wa zaka 15 wa ku Britain anagula buledi wokhala ndi ndiwo pabwalo la ndege la Heathrow. Thupi lake linkadana ndi chitowe, ndipo papepala lokulungira buledi sanalembepo kuti muli chitowe. Anakomoka m'ndege yopita ku Nice, n'kumwalira. Imfa yake inabala lamulo lotchedwa Natasha's Law, limene linayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2021, lokakamiza ogulitsa kulemba zonse zimene zili m'chakudya chimene akulungiratu pamalo pawo. Pamene thupi lili pangozi, tonse timavomereza kuti wakudya ayenera kuuzidwa zoona. Koma kodi munthu ndi thupi lokha? Mayi amene wasunga lamulo lake zaka 40, amene wakhala akubwerera ndi njala ku maphwando, amene waphunzitsa ana ake chimodzimodzi, ali ndi chinthu chimene wamanga ndi moyo wake wonse. Supuni imodzi yathu ikhoza kuchigumula, m'mimba mwake musanapweteke n'komwe.

Chachiwiri amati: sadzadziwa. Amayi, ife amene timalangiza maanja, kodi timavomera mawu amenewa kwa bambo amene akuyenda njira mkazi wake osadziwa? Kodi wogula chimanga amene wakhotetsa sikelo salakwa pokhapokha mlimi atazindikira? Kusadziwa kwa wolakwiridwa sikuchotsa cholakwa, kumangochotsa mboni. Ndiponso zobisika za m'khitchini zimatuluka ndithu. Mu 1990 kampani ya McDonald's ku America inalengeza kuti yayamba kukazinga tchipisi take m'mafuta a zomera. Ahindu ndi anthu ena osadya nyama anayamba kudya mosaopa. Patapita zaka, zinadziwika kuti m'tchipisimo ankathiramo zokometsera zochokera ku ng'ombe. Mu 2001 anthu anakasuma, ndipo mu 2002 kampaniyo inapepesa poyera n'kuvomera kupereka madola 10 miliyoni ku mabungwe a Ahindu, a anthu osadya nyama, ndi ena. Mlanduwo sunali wa matenda. Unali wa anthu amene anadyetsedwa chimene anakana.

Chachitatu, chimene chili cholimba kuposa zonse, amati: chikhulupiriro chakecho n'cholakwika. Ine ndine Mkhristu, ndipo sindikhulupirira kuti kudya anyezi ndi tchimo. Ndikhoza kumuuza mnzanga wachijaini zimenezi poyera, iye n'kundiyankha, tonse n'kumvana kapena kusiyana mwaulemu. Koma kutsutsa chikhulupiriro cha munthu n'kosiyana ndi kumusankhira cholowa m'kamwa mwake. Ndikamunyenga sindinamutembenuze mtima ayi. Ndangomulambalala. Ndamuchita zimene timachitira khanda pobisa mankhwala m'phala, kapena mbuzi imene sitiifunsa maganizo. Apa ndiye pagona yankho la funso lathu lija. Chimene timamulanda munthu wotere ndi ufulu wake wonena kuti inde kapena ayi pa thupi lake ndi pa chikumbumtima chake, ufulu umene Mulungu anapatsa munthu wamkulu aliyense. Talanda ulemu wake ngakhale tamukhutitsa.

Ku India lamulo limafuna kuti chakudya cha m'mapaketi chopanda nyama chikhale ndi kadontho kobiriwira. Koma kadonthoko sikanena kanthu za anyezi ndi adyo, ndipo pa mbale ya ndiwo yochokera pamoto palibe amene angamatepo chizindikiro. Kumapeto kwake Mjaini amadalirabe pakamwa pa wophika. Ameneyo akanama, palibenso kwina kothawira.

MALEMBO AKUTI CHIYANI?

Ife Akhristu tinamasulidwa ku malamulo a zakudya. Pa Marko 7 Ambuye Yesu anaphunzitsa kuti chodetsa munthu si chimene chimalowa m'kamwa, koma chimene chimatuluka mumtima, ndipo masomphenya a Petro pa Machitidwe 10 amatsimikiza zomwezo. Koma tiwerenge Marko 7 mpaka ndime 22. Pa mndandanda wa zoipa zotuluka mumtima, Ambuye anatchulapo chinyengo. Choncho, potsata chiphunzitso chathu chomwechi, anyezi uja sanadetse Mjaini amene wamudya mosadziwa, koma bodza lija ladetsa wophika. Ndime imene timaitenga ngati chilolezo ndi yomweyo imene ikutiweruza.

Mu mpingo wa ku Roma munali anthu amene ankadya zamasamba zokha. Pa Aroma 14 Paulo sakubisa kuti iye sagwirizana nawo, koma akuletsa odya nyama kuwanyoza, ndipo akuchenjeza kuti kukankhira munthu kuchita chimene chikumbumtima chake chikukana ndi kumuwononga. Pa 1 Akorinto 8 akufika ponena kuti iye mwini angalolere kusiyiratu nyama kusiyana ndi kugwetsa mbale wake. N'zoona kuti apa Paulo akukamba za Akhristu anzake. Koma pa 1 Akorinto 10:32 akutambasula lamuloli kuti lifikire Ayuda ndi Agriki omwe, ndiye kuti ngakhale anthu a kunja kwa mpingo.

Nkhani ya Danieli 1 timakonda kuiwerenga titaima kumbali ya Danieli ndi anzake atatu, anyamata amene anakana chakudya ndi vinyo wa mfumu ya ku Babulo. Lero tiiwerenge titaima kukhitchini. Kapitawo amene ankawapatsa chakudya sanali wopembedza Mulungu wa Israeli. Kwa iye malamulo a anyamatawo anali achilendo monga mmene a Ajaini alili kwa ife. Bwana wake anali atanena kale kuti akuopa kudulidwa mutu ngati anyamatawo aonda. Njira yapafupi inalipo: kuvomera ndi pakamwa, kenako n'kumathira msuzi wa nyama ya mfumu m'ndiwo zawo. Iye sanatero. Anamvetsera, anawayesa masiku 10 ndi zamasamba ndi madzi monga anapemphera, ndipo ataona kuti akupeza bwino anapitiriza. Ngati timayamika munthu wakunja ameneyu chifukwa cholemekeza chikumbumtima cha anthu a Mulungu, tidzakana bwanji kuchita chimodzimodzi tsiku limene chipande chili m'manja mwathu?

NANGA MALIRE ALI PATI?

Wina anena kuti: kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna, mlendo amadya chimene wapatsidwa. Ndipo Ambuye potuma ophunzira ake pa Luka 10 anawauza kuti azidya zimene apatsidwa. Zoonadi. Koma langizo limenelo ndi la ife tikakhala alendo, kuti tisavutitse otilandira ndi zokonda zathu. Si ndodo yoti wolandira akwapulire mlendo wake. Pali kusiyana pakati pa munthu wosankha zakudya chifukwa cha matama ndi munthu womangidwa ndi chikumbumtima. Nthawi zina n'kovuta kuwasiyanitsa. Koma tikalakwitsa n'kukomera mtima wamatama, tataya mbale imodzi ya nyemba. Tikalakwitsa n'kupondereza wa chikumbumtima, tavulaza munthu. Kulakwitsa koyambako n'kotsika mtengo.

Wina anenanso kuti: ine ndine wosauka, ndilibe miphika iwiri kapena ndiwo zamitundumitundu. Palibe amene akukukakamizani kupereka chimene mulibe. Ngongole yanu ndi choonadi basi: pepani, ndiwo zonse za lero ndathira anyezi, koma pali nthochi ndi tiyi. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi olemera pakamwa pathu. Kwathu kuno kubweza mlendo ndi njala ndi manyazi aakulu, ndipo bodza la kukhitchini nthawi zambiri silichokera mu nkhanza, limachokera m'manyazi omwewa. Timafuna kuoneka ochereza. Koma tionetsetse kuti pamenepo tikuteteza mbiri yathu, osati mlendo. Mlendo amene wadya nthochi ziwiri atauzidwa zoona walandiridwa bwino kuposa amene wakhuta chinyengo.

Woperekera zakudya m'lesitilanti nayenso amanama pa zifukwa zofanana. Amaopa bwana, amaopa kutaya kasitomala, ndipo nthawi zina sadziwa n'komwe zimene zili mumphika chifukwa palibe anamuphunzitsa. Choncho mlandu suli pa iye yekha. Mwini malo amene amakalipira wantchito chifukwa chonena kuti sindikudziwa, ndikafunse, akuphunzitsa antchito ake kunama. Amayi amene muli ndi malo ogulitsira zakudya m'misika ndi m'matauni, mtsikana wanu akabwera kudzafunsa zimene mwathira m'ndiwo, mumuyamikire.

Mlendo nayenso ali ndi udindo wake. Anene msanga, chakudya chisanaphikidwe, monga amachitira wokwera ndege amene amaitanitsiratu chakudya cha Ajaini ulendo usanafike. Adikire moleza mtima. Asakalipire woperekera zakudya, munthu amene waima tsiku lonse pa malipiro ochepa. Amonke achijaini amasonyeza chitsanzo pamenepa: salandira chakudya chimene chaphikidwira iwo mwapadera, ndipo ambiri a iwo amatenga pang'onopang'ono m'nyumba zingapo kuti asalemetse khomo limodzi. Kusala kwa munthu kusasanduke goli pakhosi pa anzake.

Nanga kusala kumene kumavulaza? Funso ili ndi lenileni. Tonse tikudziwa mwambo woletsa mayi woyembekezera kudya mazira poopa kuti mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Mwambo umenewu tinkalimbana nawo ku sikelo, chifukwa unkamana mayi chakudya chomanga thupi pa nthawi imene akuchifuna kwambiri. Koma tinkalimbana nawo poyera, pophunzitsa mayiyo, apongozi ake ndi azamba a m'mudzi. Namwino amene angabise dzira m'phala apambana tsiku limodzi, koma mayiyo akadzazindikira sadzabweranso ku sikelo, ndipo adzauza anzake. Pamene moyo wa mwana uli pangozi, madokotala ndi malamulo a boma amalowererapo, ndipo amachitanso zimenezo poyera. Kunena za Ajaini, kusala kwawo sikuli m'gulu lovulazali. Nyemba, nandolo ndi mphodza zikadyedwa pamodzi ndi mpunga kapena tirigu, kuphatikizapo mkaka, zimamanga thupi mokwanira, ngakhale kuti aliyense wosadya nyama ayenera kusamala za kuchepa kwa magazi. Choncho wophika alibe chifukwa cha umoyo chodzikhululukira nacho.

TIBWERERE KU MAFUWA ATHU

Ambiri a ife mwina sitidzaphikirapo Mjaini. Koma funso lake lili pakhomo pathu. Kalembera wa 2018 anasonyeza kuti anthu pafupifupi 14 mwa 100 alionse m'Malawi muno ndi Asilamu, ndipo m'maparishi athu a ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota iwo ndi anansi athu, azilamu athu, ena ndi ana athu enieni. Tili ndi mwambo wabwino woitana Msilamu kudzazinga mbuzi kapena nkhuku pa ukwati ndi pa maliro kuti onse adye. Koma kodi timamaliza bwino zimene tayamba bwino? Chipande chimene chatunga nkhumba sichilowa mumphika wa mbuzi? Mafuta amene akazingira nkhumba satsirizira kabichi? Msuzi wa nyama amene timathira m'nyemba kuti zikome, timauza anthu? Palinso abale athu a Seventh Day amene sadya nkhumba ndi mlamba, ana athu achirasita amene sadya nyama, ndi odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi amene adokotala anawaletsa zotsekemera ndi mchere wambiri. Onsewa amafika pa mzere wa chakudya ali ndi funso limodzi, ndipo ambiri amachita manyazi kufunsa.

Ndikupempha magulu athu kuti pophikira anthu ambiri tizichita zinthu zinayi. Tizifunsiratu ngati pali amene sadya zina. Tizipatula mphika umodzi wa nyemba kapena wa masamba wopanda nyama ndi msuzi wake, wokhala ndi chipande chakechake. Pogawa chakudya paziima mayi amene akudziwa zimene zalowa mumphika uliwonse, ndipo akafunsidwa aziyankha zoona, kapena azikafunsa. Ndipo kuseri kuja tisamaseke kapena kunena kuti amenewa ndi ovuta, chifukwa atsikana amene akutithandiza kutsuka mbale akumva, ndipo akuphunzira.

Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Munthu amene amasamala kuti asaphe ngakhale kachilombo ka m'madzi akhoza kutichititsa kuyang'ananso nkhuku zimene timazipachika chadodolido pa njinga dzuwa likuswa mtengo, ndi mbuzi zomangidwa miyendo tsiku lonse pamsika popanda madzi. Sitiyenera kusiya nyama kuti timve chisoni ndi zimenezi, pakuti Miyambo 12:10 imayesa chilungamo cha munthu ndi mmene amasamalira chiweto chake. Koma phunziro lotere amalilandira ndi amene anayamba wamvetsera mlendo. Amene anamunyenga watseka khutu lake lomwe.

Timaphunzitsa ana athu kuti Mulungu amaona zam'seri. Kukhitchini ndi kuseri. Mlendo sadzadziwa ngati tinatsuka chipande kapena ayi, ndipo sadzatithokoza chifukwa cha mphika umene tinaupatula. Umboni wathu wachikhristu kwa anthu a zipembedzo zina kawirikawiri suyambira pa ulaliki. Umayambira pa tsiku limene mnansi wathu angadye pakhomo pathu osayamba wafufuza pansi pa msuzi.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Werengani Danieli 1 ndi Aroma 14. Kodi kapitawo uja akanataya chiyani pomvera Danieli, ndipo ife timaopa kutaya chiyani?
2. M'dera lathu lino ndani amene amabwerera ndi njala pa maphwando ndi pa maliro, osanena kanthu?
3. Kodi tingauze bwanji mlendo mwaulemu kuti tilibe chakudya chomuyenera?
4. Ndi miyambo iti ya zakudya imene tiyenera kuilemekeza, ndipo ndi iti imene tiyenera kuitsutsa poyera chifukwa ikuvulaza amayi ndi ana?

PEMPHERO

Atate, Inu amene mumadyetsa zamoyo zonse, yeretsani manja athu ndi milomo yathu. Tipatseni kulimba mtima kuti tinene zoona ngakhale pamene tili ndi manyazi, ndi chifundo kuti tisanyoze mnzathu chifukwa cha chimene sadya. Aliyense wodya pa mphasa pathu adye mopanda mantha. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.